Kope la Achimwene Anga: Phunziro la Cholinga ndi Kupirira

Ena mwaima pano podikira belu, ena mwabwera kudzaona ngati dzina lanu lili pa mndandanda wa ochedwa. Ndikupempha mphindi zochepa chabe. Amene mumadutsa njira ya kwathu m'mamawa munamvapo phokoso la zitsulo kuseri kwa khitchini, ndipo ena mwakhala mukundifunsa kuti, "Aise, achimwene ako aja mutu ukuyenda bwino koma?" Lero ndikufuna ndikuyankheni nonse pakamodzi.

Achimwene anga ali ndi zaka 24. Amathyola tiyi ku esiteti ngati mmene amachitira makolo ndi abale a ambiri a ife kuno kwa Mphuka. Chimene akufuna n'choti tsiku lina adzaime pa nsanja ya mpikisano wa adzitho wa Mr Malawi, umene anapambanapo anthu ngati James Daud ndi Emmanuel Muhuwa. Sanafikepo ayi, ndipo ulendo udakali wautali. Ine ntchito yanga pa nkhaniyi ndi ya ulembi. Ndimagwira kope ndi bolopeni, n'kumalemba chilichonse chimene anyamula. Ndagwira ntchitoyi kwa chaka ndi miyezi ingapo, ndipo zimene ndaphunzira m'kope limeneli ndi zimene ndakulemberani pano. Atsikana musachoke, nkhaniyi si ya anyamata okha.

Kodi mpikisano wa adzitho ndi wotani?

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali mpikisano wonyamula zitsulo, umene wopambana amakhala amene wanyamula cholemera kuposa anzake. Umenewu uliko ngakhale ku masewero a Olympics. Ndiye pali wa adzitho, umene pa Chingerezi amati bodybuilding. Apa pa tsiku la mpikisano palibe chonyamula. Munthu amatsala ndi kakabudula kokha, amadzola mafuta, n'kukwera pa nsanja. Amaima choyang'ana kutsogolo, cham'mbali ndiponso chofulatira, uku akulimbitsa minofu kuti ioneke.

Oweruza amaona zinthu zingapo. Amaona kukula kwa minofu. Amaona ngati thupi lonse lakula mofanana, kumtunda ndi kumunsi, kumanja ndi kumanzere. Amaona ngati mafuta a m'thupi ndi ochepa moti mnofu uliwonse ukuoneka pawokha. Amaonanso luso la kaimidwe. Opikisana amaikidwa m'magulu potengera kulemera kwawo, kuti wa makilogalamu 65 asalimbane ndi wa 90. Mpikisano waukulu kwambiri pa dziko lonse ndi Mr Olympia, umene unayamba m'chaka cha 1965.

Tangoganizani, munthu amakonzekera chaka chathunthu kuti akaime pa nsanja mphindi zowerengeka basi. Kodi izi sizikufanana ndi ife a Fomu 2, amene timaphunzira zaka 2 kuti tikakhale m'chipinda cha mayeso a JCE maola ochepa pa pepala lililonse?

Phunziro 1: Kulakalaka si cholinga

Chaka choyamba achimwene analibe kope. Anali ndi chilakolako chokha. Ukawafunsa kuti akufuna chiyani ankati, "Ndikufuna ndikhale chimunthu." Tsiku lililonse ankanyamula zofanana, za manja ndi za chifuwa, chifukwa ndi zimene zimaoneka munthu akavala vesiti. Miyendo sankaiwerengera. Ankati kukwera mitunda ya m'minda ya tiyi ndi dengu kumsana n'kokwanira.

Atamva kuti m'tauni muli kampikisano ka ongoyamba kumene, anasunga ndalama ya minibasi n'kupita. Anabwerako usiku ali khuma. Anawachotsa mu ndime yoyamba yomwe. Bambo wina wachikulire amene anali m'gulu la oweruza anawaitanira pambali n'kuwauza kuti, "Mwana wanga, nyumba yako denga n'lamalata koma nsanamira ndi za bango. Pita ukamange miyendo ndi msana, udzabwerenso."

Usiku womwewo anandidzutsa. "Iwe, uli ndi kope losalembamo?" Ndinawapatsa lotsala la Fomu 1. Mawa lake tinabwereka tepi kwa atelala n'kuyeza ntchafu, mikono, chifuwa ndi chiuno. Ntchafu inali masentimita 49. Pa tsamba loyamba tinalemba kuti, "Pofika mwezi ngati uno chaka chamawa, ntchafu ifike masentimita 54." Chimenecho ndicho cholinga. Chili ndi nambala, chili ndi tsiku, ndipo munthu ukhoza kudziwa ngati wachikwanitsa kapena ayi. "Ndikufuna ndikhale chimunthu" ndi loto chabe, ngati mmene ena timanenera kuti "ndikufuna ndidzakhoze" osadziwa kuti phunziro liti, ndi malikisi angati.

Ngakhale Arnold Schwarzenegger, amene ambiri timamudziwa m'mafilimu a nkhondo a m'mavidiyo sho, anadutsa momwemu. Anabadwa mu 1947 m'mudzi wa Thal ku Austria, ndipo anayamba zitsulo ali wa msinkhu ngati wathuwu. Mu 1966 anapita ku London ku mpikisano wa Mr Universe n'kukhala wachiwiri, kumbuyo kwa Chester Yorton wa ku America. Malo ake ofooka anali akatumba a kumunsi kwa miyendo. Mwini wake amafotokoza kuti anadula miyendo ya mathalauza amene ankachitira masewero, kuti aliyense aziona chofooka chakecho ndipo iye asamachiiwale. Mu 1967 anapambana Mr Universe ali ndi zaka 20, kenako anapambana Mr Olympia maulendo 7. Ifetu phunziro limene limativuta ndi limene timalibisa pansi pa chikwama. Iye anachita zosiyana ndi zimenezo.

Phunziro 2: Cholinga chachikulu chiduleni zidutswa

Masentimita 5 pa ntchafu simungawaone akubwera. Mukamayeza tsiku lililonse mungogwa ulesi. Ndiye tinadula cholinga cha chaka kukhala cha mwezi, cha mwezi kukhala cha sabata, cha sabata kukhala cha lero.

Kwathu kulibe jimu. Zitsulo za achimwene ndi paipi yokhuthala ndi zitini za penti zothiramo simenti ndi miyala. Kuti tidziwe kulemera kwake tinakayeza pa sikelo ya ogula nandolo, koma poti masikelo ena timawadziwa khalidwe lawo, tinayerekezanso ndi madzi. Paja aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye kuti chigubu cha malita 5 ndi makilogalamu 5, cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Kabotolo ka theka la lita tikakamangirira mbali iyi, kena mbali inayo, taonjezera kilogalamu imodzi ndendende.

Ndondomeko ya sabata tinaiika chonchi. Lolemba ndi tsiku la miyendo. Lachitatu ndi la chifuwa, mapewa ndi manja. Lachisanu ndi la msana ndi miyendo kachiwiri. Loweruka amaphunzira kaimidwe, ine n'kukhala woweruza. Masiku enawo ndi opuma. Lamulo la m'kope ndi limodzi. Anayamba masikwati ndi makilogalamu 40, maulendo 8. Sabata yotsatira 9, kenako 10, mpaka 12. Akafika 12 popanda kupindika msana, timaonjezera makilogalamu 2 n'kubwereranso pa 8. Basi. Palibe matsenga.

Nzeru imeneyi ndi yakale kwambiri. Agiriki ali ndi nthano ya Milo wa ku Croton, katswiri wa masewero ogwetsana amene anakhalako zaka zoposa 2,500 zapitazo. Amati ankasenza mwana wa ng'ombe tsiku lililonse kuyambira atangobadwa. Mwana wa ng'ombe uja akukula, mphamvu za Milo zikukulanso, mpaka anadzasenza nkhunzi yathunthu. Kaya zinachitikadi kaya ndi nthano chabe, phunziro lake ndi loona. Akanayamba ndi nkhunzi akanathyoka msana tsiku loyamba. Akulu athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chimene chimachitika m'thupi ndi ichi. Munthu ali ndi minofu yoposa 600. Mnofu ukagwira ntchito yoposa pang'ono imene unazolowera, thupi limaukonza n'kuukhuthalitsa kuti mawa usadzavutikenso ndi katundu yemweyo. Kukonzako sikuchitika pamene munthu akunyamula ayi. Kumachitika akamapuma, makamaka akagona. N'chifukwa chake mnofu umene wagwira ntchito yolemetsa amaupatsa masiku pafupifupi 2 usanagwirenso. Ngati katundu sakusintha, thupi silionanso chifukwa chokulira. Apa ndi pamene achimwene anamvetsa chifukwa chimene dengu la tiyi silinawakulitsire miyendo. Dengu limalimbitsa munthu ndithu, koma kulemera kwake n'komwekomweko chaka ndi chaka.

Phunziro 3: Werengani mtengo wake musanayambe

Njerwa zomangira minofu ndi zakudya zokulitsa thupi, zimene mu sayansi timati mapuloteni. Akatswiri ambiri amati wonyamula zitsulo amafunika magalamu pafupifupi 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Achimwene amalemera makilogalamu 65. Chulukitsani nokha, mupeza magalamu 104. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Ndiye kuti akanati adalire mazira okha, bwenzi akudya 17 pa tsiku. Titawerenga zimenezi mayi anaseka mpaka misozi. "Mazira 17? Nkhuku zake za ndani?"

Apa ndi pamene ambiri amasiyira, n'kumati zimenezi ndi za anthu a m'tauni odya nyama ndi zaufa za m'zitini. Koma tinafufuza zimene tili nazo konkuno. Magalamu 100 a soya wouma ali ndi magalamu pafupifupi 36 a mapuloteni. Mtedza uli ndi pafupifupi 25. Nandolo wouma, amene kuno ku Thyolo sasowa m'munda mwa aliyense, ali ndi oposa 20. Usipa ndi bonya wouma ndiye akatundu enieni. Nsima, chinangwa, mbatata ndi nthochi zimapereka mphamvu yogwirira ntchito, ndipo mapeyala amapereka mafuta abwino.

Ndiye m'kope tinatsegula tsamba la chakudya. M'mawa phala la mgaiwa losakaniza ufa wa soya ndi nsinjiro. Ku ntchito amatenga mtedza wokazinga. Madzulo nsima ya nandolo, nyemba kapena usipa, ndi masamba otendera. Anasiya kugula zakumwa zotsekemera ndi mayunitsi ocheza pa Facebook usiku, ndalamayo n'kugula misoti itatu. Pano mazira 2 pa tsiku amapezeka, ndipo ine ndimadyako Lamulungu. M'mphepete mwa munda wa chimanga anabzalamo mizere ya soya.

Tulo nato ndi mtengo umene munthu amalipira. Nyengo ya mvula, pamene tiyi amaphukira kwambiri, achimwene amaweruka atatheratu. Anasiya kupita kukaonera mpira wa usiku ku vidiyo sho kuti azigona msanga. Anzawo anawanena kuti akudzimva, ena anati alowa mpingo wachilendo. Ife a zaka zapakati pa 13 ndi 18 timafunika kugona maola 8 mpaka 10. Amene mumawodzera mu phunziro loyamba, dziwerengereni nokha maola amene munagona dzulo.

Phunziro lake n'lakuti cholinga chilichonse chili ndi mtengo, ndipo ndi bwino kuudziwa poyamba. Walira mvula walira matope.

Phunziro 4: Kupirira si liuma

Apa ndi pamene pali nkhani yowawa. Mwezi wa Febuluwale kunabwera mnzawo wa achimwene wochokera m'tauni. Ataona zitini zathu anaseka. Anamangirira zigubu zonse n'kuchita masikwati ndi makilogalamu 80 ife tikuonerera. M'kope tsiku limenelo munali 62. Ndinawauza kuti, "Achimwene, kope likuti 62." Anandiyankha kuti, "Iwe khala chete, kope silinyamula zitsulo." Ulendo woyamba anadzuka. Wachiwiri anadzuka movutikira. Wachitatu ndinangomva akukuwa, paipi ili pansi, iwo atagwira msana.

Ku chipatala anati mwayi fupa silinakhudzidwe, koma minofu ya m'chiuno inavulala. Anakhala masabata 3 osapita ku ntchito, pa nthawi imene tiyi amakhala wochuluka ndipo wothyola amapezako kangachepe. Febuluwale mukumudziwa nonse mmene amakhalira pakhomo. Ufa unatha. Tinagulitsa nkhuku 2. Ine masiku angapo ndinabwera kuno kusukulu m'mimba muli pululu, ndipo amene timakhala desiki imodzi akukumbukira tsiku limene ndinagona pa nthawi ya masamu. Mayi anakwiya kwambiri. "Zitsulo zakozi tidzadya? Ukapunduka adzatisamale ndani?" Anatenga paipi ija n'kukaibisa kwa anganga.

Mayi sanalakwe. Ndaphunzira kuti kupirira n'kosiyana ndi liuma. Wopirira amatsata ndondomeko yake ngakhale anzake akumuseka. Waliuma amataya ndondomeko kuti aonetse anthu. Tsiku lija achimwene sanagonje kwa chitsulo, anagonja kwa manyazi. Pofuna kudumpha miyezi ingapo tsiku limodzi, anabwerera m'mbuyo miyezi 2. Fulumira anadya gaga.

Ngakhale akatswiri enieni thupi limawalipiritsa. Ronnie Coleman wa ku America, amene anali wapolisi ku Texas, anapambana Mr Olympia maulendo 8 motsatizana, kuyambira 1998 mpaka 2005. Ankanyamula zolemera zoopsa. Atasiya mpikisano anachitidwa maopaleshoni ambiri a msana ndi chiuno, moti kuyenda kumamuvuta. Chikho ndi chabwino, koma msana ndi umodzi.

Mnzawo uja anabweranso achimwene ali chigonere, n'kuwauza za njira yachidule. Anati pali jakisoni ndi mapilitsi okulitsa minofu mwamsanga, otchedwa ma steroid. Anzanga, apa tcherani khutu, chifukwa zinthu zimenezi tsiku lina adzakutsatsani inunso. Mankhwala amenewa amaononga chiwindi ndi mtima, amakweza magazi, amatulutsa ziphuphu, amameretsa mabere kwa amuna, ndipo amachepetsa mphamvu yobereka. Kwa ife amene tikukulabe akhoza kuimitsa mafupa kutalika, munthu n'kukhala wamfupi moyo wake wonse. Kubwerekana jakisoni kumafalitsanso HIV ndi matenda a chiwindi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ulendo uno achimwene anakana. Anati, "Ndalakwitsa kamodzi chifukwa chomvera iwe, sindibwerezanso."

Atachira anapita kwa mayi ndi kope lija. Anawaonetsa tsamba ndi tsamba, kuti miyezi yonse imene ankatsata manambala sanavulalepo, ndipo tsiku limodzi lokha limene ananyoza kope ndi limene linabweretsa mavuto. Analonjeza kuti sadzadumphanso nambala, ndipo ine anandipatsa mphamvu yokanena kwa mayi akadzayerekeza. Patapita masiku, m'mawa wina tinangopeza paipi ija itatsamira khoma la khitchini. Mayi sananene kanthu. Anayambiranso pa makilogalamu 40, pomwe anayambira poyamba paja.

Kwa ife a zaka 14, 15 kapena 16, malangizo ndi awa. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewero olimbitsa thupi mphindi 60 pa tsiku, ndipo olimbitsa minofu ndi mafupa masiku osachepera 3 pa sabata. Yambani ndi thupi lanu lomwe: mapushapu, masikwati opanda katundu, kudzikoka pa nthambi yolimba. Phunzirani kachitidwe koyenera kaye, ndipo musanyamule cholemera muli nokha popanda wamkulu wodziwa. Kuphwanya kwa thupi tsiku lotsatira si vuto, koma ululu wobaya pa mfundo kapena pamsana ndi chizindikiro choti siyani pomwepo. Ine pano ndili pa mapushapu 22. Ndinayamba ndi 6.

Phunziro 5: Nambala imatha kutsika, ulendo osatha

Pali munthu wa muno mu Africa amene mbiri yake imandilimbitsa mtima. Dzina lake ndi Mamdouh Elssbiay, koma amadziwika kuti Big Ramy. Ndi wa ku Egypt, ndipo asanatchuke anali msodzi. Taonani mmene anayendera pa Mr Olympia. Mu 2013 anali nambala 8. Mu 2014 nambala 7. Mu 2015 nambala 5. Mu 2016 nambala 4. Mu 2017 nambala 2. Aliyense ankati chaka chotsatira chikho ndi chake. Koma mu 2018 anatsika kufika pa nambala 6, ndipo mu 2019 sanapikisane nawo. Ambiri anati watha basi. Mu 2020 anabwerera n'kupambana, mu 2021 n'kupambananso. Mu 2024 chikho chomwechi anatenga Samson Dauda, wobadwira ku Nigeria.

Chaka chimene ndimachiganizira kwambiri pa mbiri ya Big Ramy si 2020 ayi, koma 2018. Kuchoka pa 2 kupita pa 6 kumawawa kuposa kukhala nambala 8 poyamba. Amene munakhalapo nambala 3 m'kalasi kenako n'kupezeka pa 15 mukudziwa chimene ndikunena. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Tiyi amene watizungulirayu amaphunzitsanso zomwezi. Mbande ikabzalidwa pamapita zaka pafupifupi 3 asanayambe kuithyola bwinobwino. Ikakula amaidulira mpaka kutsala zitsa zokhazokha, munda n'kuoneka ngati wafa, koma mvula ikagwa umaphukira kuposa kale. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wakumwa pamafunika makilogalamu oposa 4 a masamba aawisi, othyoledwa nsonga imodzi imodzi. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, ndipo mpaka lero tiyi wake akuthyoledwa. Amene anabzala mbande zoyamba sanaone phindu chaka chomwecho.

Nanga achimwene zinawathera bwanji? Chaka chitakwana tinabwerekanso tepi. Ntchafu inali masentimita 52, osati 54. Cholinga sichinakwane, ndipo tikudziwa chifukwa chake, chalembedwa pa tsamba la Febuluwale. Anapitabe ku kampikisano kaja. Ulendo uno anadutsa ndime yoyamba n'kuthera pa nambala 5 m'gulu lawo. Sanalandire chikho, sanalandire ndalama, ndipo ya minibasi inali ya m'thumba mwawo. Bambo wachikulire uja anawazindikira, n'kuwagwira paphewa. "Nsanamira zayamba kuoneka. Usasiye." Atafika kunyumba sanadandaule. Anangoti, "Mlembi, tsegula tsamba latsopano."

Kope langa

Tsopano ndinene za ine, ngakhale zili zochititsa manyazi. Teremu yoyamba ya Fomu 2 ndinapeza 31 pa 100 m'masamu. Ndinabisa pepala. Achimwene atalipeza sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Iwe umalemba manambala anga tsiku lililonse, nanga ako ali kuti? Miyendo yako ya bango ndi iti?" Ndinayankha kuti ndi algebra.

Tinatenga kope lina. Pa tsamba loyamba ndinalemba kuti, "Pofika mayeso oyeserera a JCE, masamu afike 55." Cha tsiku ndi tsiku ndi masamu 5, ndikangofika kunyumba dzuwa lisanalowe, chifukwa kwathu kulibe magetsi ndipo mabatire a tochi ndi ndalama. Ndikakhoza onse 5 masiku atatu otsatizana, ndimapita pa ovutirapo. Amene andikanika ndimawalemba chizindikiro n'kukafunsa aphunzitsi kapena mnzanga wa Fomu 3 pa nthawi ya buleki. Masiku ena ndimafika nditatopa ndi mtunda, kunyumba kukudikira madzi, nkhuni ndi mbuzi. Tsiku lotero ndimachita 2 okha, koma sindilola kuti tsamba likhale lopanda kanthu. Teremu yachiwiri ndinapeza 44. Sindinafike, koma 13 amenewo sanagwe kumwamba. A MANEB sadzandifunsa kuti kwanu kuli magetsi kapena ayi, ndiye ndiyenera kugwiritsa ntchito dzuwa limene ndili nalo.

Ntchito yoti muchite

Phunziro lopanda ntchito silikhalitsa m'mutu, ndiye nayi yanu. Sikufuna ndalama, ikungofuna tsamba limodzi la kope.

1. Lembani chinthu chimodzi chimene mukufuna, kaya ndi phunziro, mpira, netibo, kuthamanga kapena kusoka. Chimodzi chokha.

2. Yezani pamene muli lero ndipo mulembe nambala yeniyeni, ngakhale ikhale yochititsa manyazi.

3. Lembani nambala imene mukufuna kufika ndi tsiku lake. Ikhale yoti mutambasule dzanja, koma osati yosatheka.

4. Lembani kachidutswa kamene muzichita tsiku lililonse ndi nthawi yake. Kakhale kakang'ono moti ngakhale tsiku lotopa mukhoza kuchitako theka.

5. Lembani chimene musiye kuti mupeze nthawi imeneyo.

6. Pezani mlembi wanu, munthu amene angakuuzeni mosaopa kuti "kope likuti 62." Mutu umodzi susenza denga.

Pakatha masabata 4 yezaninso. Nambala ikakwera, onjezerani pang'ono. Ikatsika, fufuzani chifukwa m'kope momwemo, konzani, pitirizani.

Ndiye amene munkafunsa ngati mutu wa achimwene anga ukuyenda bwino, yankho ndi limenelo. Mwina adzafika pa Mr Malawi, mwina sadzafika, koma mawa ndi Lachisanu, tsiku la msana ndi miyendo, ndipo kope likuti makilogalamu 66, maulendo 9. Amene akufuna kuona mmene kope lotere limalembedwera andipeze pa buleki pansi pa mtengo wa kuseri kwa Fomu 2. Mubwere ndi bolopeni yanu, yanga yatsala pang'ono kutha.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2